Mapanga Awiri Avumbwitsadi?

Mwezi wathawu ndinali kwathu ku Makokola, komwe anandiitana ngati mwinimbumba kuti ndikaweruze nkhani imene poyamba ndinaiyesa yaing'ono. Mwana wa mlongo wanga ali ndi mnyamata wa zaka 11 amene ali Sitandade 5. M'mawa amapita ku pulayimale. Akaweruka amadya mothamanga n'kulowa ku madrasa kuseri kwa mzikiti mpaka dzuwa litapendeka. Usiku, makamaka mwezi ukakhala mumdima, bambo ake amamutenga kupita naye panyanja kukathandiza alovi kukapa madzi m'boti ndi kuyang'anira nyali zokopera usipa. Zotsatira zake n'zosachita kufunsa. Mwana akuwodzera m'kalasi, akuwodzeranso pamaso pa mwalimu. Uku wakwapulidwa, ukonso wakwapulidwa.

"Malume, mwanayu ndi wanu," anatero mayi wake atagwada chapatali. "Bambo akewa akuti asiye sukulu, poti ngakhale a Fomu 4 ali mbwee padoko pano kugulitsa usipa womwewu. Ine ndikuti ayambe wasiya madrasa. Gamulani ndinu."

Mkamwini anakhosomola pang'ono, maso ali pansi. "Bambo, akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Nanga atatu?"

Ine ndine mphunzitsi wopuma, ndipo choko ndachigwira zaka zoposa 30. Yankho linali kale pamlomo: madrasa ayambe aima, mwana alimbike sukulu. Koma lilime linalemera, mwakuti ndinapempha kuti nkhaniyo igone kaye. Chimene chinandigwira pakhosi usiku umenewo ndi chimene ndikufuna tikambirane lero, inu awerengi. Kodi kholo lili ndi ngongole yanji kwa mwana wake? Kumusiyira chikhulupiriro cha makolo, kapena kumukonzera njira yodzapezera chakudya? Ndipo ngati thumba ndi nthawi sizikulola zonse, ndani ali ndi mphamvu yosankha choti chitayike?

Ndiyambe ndaulula zanga, kuopa kuti mungandiyese woweruza wopanda mbali. Ndinabadwira m'banja la Chisilamu. Tsiku limene ndinakalembetsa sukulu ya mishoni, aphunzitsi anati dzina langa n'lovuta kulemba m'kaundula, nandipatsa lina la m'Baibulo. Ndili ku sekondale ndinabatizidwa. Palibe anandigwirira mkwapulo, zinangolowa pang'onopang'ono monga chinyezi chilowera m'khoma. Bambo ataona zimenezi anamukaniza sukulu mng'ono wanga, iye n'kungophunzira madrasa basi. Tsiku la maliro a bambo, ine ndi tayi wanga ndinaima chapambali ngati mlendo. Mng'ono wangayo ndiye anasambitsa thupi, kulikulunga mu sanda ndi kuima pamzere wa swala. Komatu mng'ono yemweyo mpaka lero amasaina ndi chala, ndipo akalandira mankhwala kuchipatala amadikira mdzukulu kuti amuwerengere kamwedwe kake. Aliyense wa ife awiri analandira theka la cholowa.

Nkhani ya banja lathu ndi nkhani ya boma lonse la Mangochi. Chisilamu chinafika kuno potsata njira za malonda zochokera ku Kilwa ndi ku Zanzibar, ndipo tisabise, malondawo anali a minyanga ndi akapolo. Mfumu Makanjira inalowa Chisilamu cha m'ma 1870, mafumu ena monga Mponda ndi Jalasi n'kutsatira. Mashehe onga Abdallah bin Haji Mkwanda anaphunzitsa amwalimu ambiri amene anamwazikana m'midzi ndi matabwa awo olembapo. Boma la Fort Johnston lisanamangidwe m'chaka cha 1891, m'mabwalo a mafumu a kunyanja kuno munali kale alembi olemba makalata m'Chiswahili ndi zilembo za Chiarabu. Choncho amene amati kulemba kunabwera kuno ndi mzungu akusokoneza mbiri.

Ansembe a White Fathers anafika kwa Mponda kumapeto kwa 1889, koma anachoka m'chaka cha 1891 zinthu zitawakanika. A mishoni ya UMCA ndiwo anakhazikika kwa Mponda ndi ku Malindi. Boma la atsamunda maphunziro linawasiyira amishoni, moti dipatimenti yake yoona za maphunziro linaikhazikitsa mochedwa, m'chaka cha 1926. M'midzi yambiri nyumba imene inali sukulu Lolemba ndi yomweyo inali tchalitchi Lamulungu. Makolo athu anaona zimenezi n'kunena kuti ayi, ana athu asapiteko. Mtengo wa ayi ameneyo tonse tikuudziwa. Ukalaliki, uphunzitsi ndi udotolo zinapita kwa ana a ku Livingstonia, Blantyre ndi Nkhoma. Athu anatsalira utelala, ukhukhi, ulonda ndi migodi ya Wenela. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mwa anthu 100 alionse m'Mangochi oposa 70 ndi Asilamu, ndipo bomali linali m'gulu la maboma otsalira pa kulemba ndi kuwerenga. Ife ophunzirafe tikakhala patokha timati agogo anali mbuli. Inenso ndakhala ndikutero. Koma kodi analidi mbuli?

Funso limeneli linayamba kundivuta nditapita ku Livingstone, m'dziko la Zambia, kukaona mathithi. Mumzindamo muli nyumba yakale imene akupempheramo a mpingo wa Church of Christ, koma pamwamba pa khomo pake pali nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, chizindikiro cha Ayuda. Inali sunagoge, ndipo mwala wake wa maziko unaikidwa m'chaka cha 1928. Ayuda anayamba kufika kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ambiri kuchokera ku Lithuania, monga abale awiri Elie ndi Harry Susman amene anayamba ndi malonda a ng'ombe ku Barotseland. Cha m'ma 1950 m'dziko lonselo analipo pafupifupi 1,000, ali ndi masunagoge ku Lusaka ndi m'matauni a migodi. Pambuyo pake ambiri anasamuka, nyumba n'kutsala. Ndinaima pamsewu n'kudzifunsa kuti, kodi mtundu umene umasiya nyumba zake zopemphereramo m'maiko a eni chonchi, wakhala bwanji osatha kwa zaka zikwi ziwiri?

Ndisanapitirire ndinene mawu awiri. Ndikudziwa kuti m'mizikiti ya kwathu dzina la Israel silitchulidwa mokoma, makamaka chiyambire nkhondo ya ku Gaza m'chaka cha 2023. Mbiri ya mtundu wa anthu ndi zochita za boma ndi zinthu ziwiri, ndipo kuphunzira pa choyambacho sikuvomereza chachiwiricho. Ayuda nawonso sali maganizo amodzi. Roy Welensky, amene anatikakamira chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ali nduna yaikulu kuyambira 1956 mpaka 1963, bambo ake anali Myuda wochokera ku Lithuania. Simon Zukas, amene atsamunda anamuthamangitsa ku Northern Rhodesia m'chaka cha 1952 chifukwa cholimbana ndi chitaganya chomwecho, analinso Myuda wobadwira ku Lithuania komweko. Safunsa anadya phula. Tiyeni tifunse.

M'chaka cha 70, asilikali a Aroma anaphwasula Jerusalem n'kutentha Kachisi. Pamenepo nsembe zinatha, ntchito ya ansembe inatha, ufumu unali utapita kale. Mwambo wa Ayuda umasimba kuti mzindawo uli mkati mozingidwa, mphunzitsi wina wokalamba, Yohanan ben Zakkai, anatulutsidwa ndi ophunzira ake m'bokosi la maliro. Atafika pamaso pa mkulu wa nkhondo Vespasian n'kupatsidwa mwayi wopempha kanthu, anapempha kuti amusiyire kamudzi ka Yavneh ndi anthu ake ophunzira. Anzake ena anamuona ngati wogulitsa mtundu. Koma pa kasukulu kameneko ndi pamene panamera Chiyuda chimene chilipo lero, chokhazikika pa buku, pa mphunzitsi ndi pa sunagoge.

Sunagoge ndi nyumba yosavuta kusamutsa. Safuna wansembe. Pamwambo wakale, pakapezeka amuna akuluakulu khumi, mapemphero a gulu atha kuchitika, kaya ndi m'sitolo kaya pansi pa mtengo. Chuma chake chachikulu ndi mpukutu wa mabuku asanu a Mose, wolembedwa pamanja pachikopa, umene amauwerenga chigawo ndi chigawo Sabata lililonse mpaka kuumaliza pachaka. Mnyamata akakwanitsa zaka 13 amaitanidwa kutsogolo kuti awerenge pamaso pa anthu m'Chihebri, chinenero chimene kwa zaka mazana ambiri sankachiyankhula kunyumba. Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya sunagoge ankangomutchula kuti shul, kutanthauza sukulu. Ndipo lamulo lawo limalola kusandutsa sunagoge kukhala nyumba yophunziriramo, koma limakaniza kusandutsa nyumba yophunziriramo kukhala sunagoge wamba. Kwa iwo kuphunzira kuli pamwamba.

Mukamva zimenezi, inu a kwa Mponda, a kwa Makawa, a ku Namwera, kodi simukuona mzikiti wathu wa njerwa zosaotcha ndi ana ali pamkeka kuseri kwake, akuimba zilembo za Chiarabu? Ine ndinauona. Ndipo ndinazindikira kuti agogo aja anadziwa chinthu chimodzi choona: mtundu umakhala kapena kutha malinga ndi amene akuphunzitsa ana ake. M'mera mpoyamba. Ukampereka mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kwa munthu wina kwa maola asanu tsiku ndi tsiku, usadabwe akadzakula ndi mtima wa munthu winayo.

Mantha ameneway Ayuda anawaona akukwaniritsidwa. Ku Berlin kunali katswiri wina, Moses Mendelssohn, amene anamwalira m'chaka cha 1786. Iyeyu anamasulira mabuku a Mose m'Chijeremani, nalimbikitsa anzake kuti ana aziphunziranso masamu, sayansi ndi zinenero za maiko amene akukhalamo. Mwini wakeyo anasunga Chiyuda mpaka imfa. Koma mwa ana ake asanu ndi mmodzi amene anakula, anayi anabatizidwa, ndipo mdzukulu wake, katswiri wopeka nyimbo Felix Mendelssohn, anakula ali Mkhristu. Akuluakulu amene ankamutsutsa akanatha kuloza banja lake n'kunena kuti, si izi tinkanena zija? Nawonso bambo anga akanatha kuloza ine.

Pa chifukwa chimenechi ena anasankha kutseka chitseko. Ku Volozhin, dera limene lero lili m'dziko la Belarus, kunali sukulu yotchuka ya malamulo a Chiyuda imene inayamba m'chaka cha 1803. Boma la Russia litalamula kuti mbali yaikulu ya tsiku aziphunzitsa maphunziro a boma, akuluakulu ake sanagonje, ndipo m'chaka cha 1892 sukuluyo inatsekedwa. Ayi wawo ndi yemwe uja wa makolo athu kwa amishoni.

Nkhani ikanathera pomwepa, bwenzi mkamwini wanga atapambana. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Akatswiri awiri a zachuma, Maristella Botticini ndi Zvi Eckstein, m'buku lawo la 2012 lotchedwa The Chosen Few, akuwerengera kuti Ayuda anali pafupifupi 5 miliyoni Kachisi asanagwe, koma pofika cha m'ma 650 anatsala ongopitirira 1 miliyoni. Nkhondo ndi miliri zinatengapo gawo lake. Koma iwo akuti gawo lalikulu linali la alimi osauka. Kutumiza mwana kukaphunzira kunali kuchotsa dzanja m'munda, ndipo chipembedzo chitayamba kuona wosaphunzira ngati munthu wotsika, osaukawo anayamba kuchoka mmodzimmodzi kulowa zipembedzo zosafuna zambiri. Kaya akatswiri ena amatsutsapo zina, phunziro lake ndi lowawa ndithu. Maphunziro a chipembedzo ali ndi mtengo, ndipo ukausenzetsa wosauka yekha, tsiku lina adzautula n'kumapita.

Chinanso n'chakuti aphunzitsi akale a Chiyuda sananene kuti buku lopatulika likwanira palokha. M'mabuku awo a Talmud analemba mndandanda wa ngongole za bambo kwa mwana wamwamuna: kumudula, kumuphunzitsa malamulo a Mulungu, kumupezera mkazi, ndi kumuphunzitsa ntchito ya manja. Mmodzi wa iwo anafika ponena kuti bambo wosaphunzitsa mwana ntchito ali ngati akumuphunzitsa umbava. Ndipo ena anaonjezapo ngongole ina imene inandiseketsa nditaiwerenga, poganiza za kwathu: kumuphunzitsa kusambira. Taonani, mapanga atatu aja onse ali pamndandanda umodzi. Mzimu, mimba ndi moyo. Kwa iwo kulipira ngongole imodzi sikufafaniza inzake, monga mmene kubweza ngongole ya kugolosale sikuthetsera ya kwa mwini boti.

Tsono ntchito ya manja ya lero ndi iti? M'masiku a agogo, mwana wodziwa kusoka ukonde ndi kuwerenga mphepo ya mwera anali ndi tsogolo. Lero nyanja yatopa. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chinachepa koopsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo maboti akuchulukirachulukira pa nsomba zomwezo. Mnyamata wosadziwa kuwerenga akakanika panyanja amakwera basi ya ku Joni, kumene amakagwira ntchito zotsika, mobisala, ndipo ziwawa zothamangitsa alendo zikabuka, monga zinachitikira m'zaka za 2008 ndi 2015, amabwera ali chimanjamanja. Choncho bambo amene akuchotsa mwana pasukulu lero sakuchita zofanana ndi agogo ake a 1920. Agogowo ankakana ubatizo wokakamiza. Lero sukulu ya pulayimale ndi yaulere chiyambire 1994, Asilamu ali ndi masukulu awoawo, ndipo m'chaka cha 2021 atsogoleri a zipembedzo, pansi pa bungwe la Public Affairs Committee, anasainirana pangano lolola atsikana kuvala hijabu m'masukulu a mipingo othandizidwa ndi boma. Ayi amene anali nzeru nthawi ija atha kukhala nkhanza nthawi ino.

Wina anena kuti, "A Ticha, mwachenjera pakamwa. Nanga bwanji osangosiya madrasa? Mwana akuloweza mawu a chinenero chimene sakuchimva, ndipo chipembedzocho sanasankhe yekha. Musiyeni akule, adzasankha." Mawu amenewa ndinkawanena inenso m'chipinda cha aphunzitsi, koma tsopano ndikuona kuti ndi obooka. Palibe mwana anasankha dzina lake, chinenero chake, ngakhale nsima imene anakulira. Mwana amene kholo silimuphunzitsa kanthu sakula wopanda mphunzitsi. Amaphunzitsidwa ndi padoko, ndi nyumba zoonetsa mafilimu, ndi foni ya mnzake. Komanso munthu sasankha chinthu chimene sakuchidziwa. Ine sindinasankhe pakati pa mzikiti ndi tchalitchi, pakuti za mzikiti ndinali ndisanaphunzire n'kamodzi komwe. Ndinangotsata njira imene inali yolambulidwa.

Komabe wofunsayo ali ndi mfundo imodzi yoti amwalimu aimve. Kuloweza kopanda kumva ndi chiyambi chabe. Tisukulu tating'ono ta Ayuda ku Poland ndi ku Lithuania tinali ndi matenda omwewa: chipinda chothina, mphunzitsi wanjala, mkwapulo pakhoma. Chimene chinawapulumutsa ndi chizolowezi cha kufunsa. Pa chakudya cha Paskha, wamng'ono wa onse patebulo ndiye amapatsidwa udindo wofunsa mafunso. M'sukulu zawo zapamwamba ophunzira amakhala awiriawiri n'kumatsutsana mokweza pa tanthauzo la ndime imodzi. Mwana wophunzitsidwa kufunsa sachita mantha akakumana ndi sayansi. Woletsedwa kufunsa ndi amene amagwa ndi funso loyamba la ku sekondale. Lero Qur'an ilipo m'Chichewa ndi m'Chiyao. Palibenso chifukwa choti mwana amalize juzu yonse osadziwa chimene akunena kwa Mulungu wake.

Ndipo tisanamizane kuti mapanga awiriwa sangakhale phanga limodzi. Mumzinda wa Córdoba, m'dziko la Spain, munabadwa anthu awiri m'zaka za m'ma 1100. Wina ndi Ibn Rushd, Msilamu, amene anali woweruza wa sharia komanso sing'anga. Wina ndi Moses Maimonides, Myuda, katswiri wa malamulo a Chiyuda amene ankalemba m'Chiarabu ndipo anadzakhala sing'anga wa akuluakulu a boma ku Cairo. Ku Frankfurt, m'chaka cha 1853, Samson Raphael Hirsch anatsegula sukulu yophunzitsa zonse ziwiri pansi pa denga limodzi, ana osataya chikhulupiriro. Ku Kraków, m'chaka cha 1917, telala wamkazi Sarah Schenirer anaona kuti anyamata akuphunzira za Mulungu okhaokha pamene alongo awo akuphunzira za boma zokhazokha, mwakuti m'nyumba imodzi anthu sakumvananso. Anayamba kuphunzitsa atsikana ochepa m'chipinda chake, ndipo pasanathe zaka 20 masukulu ake anali ndi atsikana zikwizikwi. Kwathu kuno, kumene mtsikana amachotsedwa ku zonse ziwiri n'kukwatiwa asanakhwime, nkhani ya telala ameneyu ndi yofunika kuisimba pa mawaidha a Lachisanu.

Koma phunziro limene linandithandiza kwambiri pa mlandu wa mdzukulu wanga ndi la mkulu wa ansembe wina, Joshua ben Gamla, amene anakhalako zaka zochepa Kachisi asanagwe. Talmud imasimba kuti poyamba mwana ankaphunzitsidwa ndi bambo ake, ndiye kuti wamasiye ankangokhala. Iyeyu analamula kuti m'dera lililonse ndi m'mudzi uliwonse mukhale aphunzitsi, ndipo ana aziyamba ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri. Aphunzitsi a pambuyo pake anaonjeza kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 25, ndipo akafika 40 mudzi umulembere womuthandiza. Ine amene ndinaphunzitsapo ana oposa 100 pansi pa mtengo wa mango ndinangogwira pakamwa. Mfundo yake n'njakuti katundu anachotsedwa pamutu pa bambo yekha n'kuikidwa pamutu pa mudzi. Mutu umodzi susenza denga.

Apa m'pamene ndinaona kuti funso limene anandipatsa linali lopotoka. Tonse atatu tinkakangana za sukulu ndi madrasa, ngati kuti ziwirizi ndizo zikulimbirana mwana. Chikhalirecho m'mawa ndi masana sizilimbana. Chimene chikudya mwanayu ndi usiku. Ndipo bambo ake samutengera panyanja chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa kagawo kamene mwana amalandira pa ulendo uliwonse ndi kamene kamagula ufa. Umphawi ndiwo unavala nkhope ya mkangano wa chipembedzo. Tikadasankha chimodzi mwa ziwiri zija, tikadalanga chosalakwa, wolakwa n'kumusiya ali phee.

Ndiye yankho langa pa funso lija ndi ili. Kholo lilibe ufulu wotseka khomo limene mwana sadzathanso kulitsegula akakula. Munthu wa zaka 30 atha kuphunzira kuponya chilimila m'miyezi ingapo. Koma wa zaka 30 amene anasiyira Sitandade 5 sabwereranso pabenchi, ndipo amene anakula osadziwa pemphero la makolo ake amachita manyazi kukakhala pamkeka ndi tiana. Zimenezi ndikuzinena ine amene ndazilawa. Pa makomo atatu aja, limene lingadikire ndi la nyanja. Ndipo ngati bambo sangathe kulipira mtengo wa kudikirako, ngongoleyo imagwera mbumba, mzikiti ndi mudzi. Zakaat ndi sadaka zimene timapereka, kodi sizingagule ufa wa banja limodzi kuti mwana agone usiku? Komiti ya sukulu ndi ya mzikiti, anthu ake ndi omwewo, kodi sangakhale pansi n'kugwirizana maola, kuti nthawi ya mayeso mwalimu afupikitse, nthawi ya Ramadhani ahedi amvetse?

Kutacha ndinawaitana onse awiri. Ndinati mwana sasiya sukulu, sasiyanso madrasa. Panyanja usiku azipita nthawi ya holide yokha, ndipo bambo ake amuphunzitse bwino kusambira ndi kusoka ukonde, poti nazonso ndi ngongole. Kagawo kamene ankabweretsa ndidzatumiza ine mwezi ndi mwezi kuchokera pa penshoni yanga, imene mukuidziwa kuchepa kwake. Mkamwini sanakondwe kwenikweni. Anati, "Bambo, ndamva. Koma inu mukadzapita, adzatumiza ndani?" Funso limenelo ndi loona, ndipo lidakali chiimire. Si mwana aliyense pa Makokola ali ndi malume wa penshoni. Ndi chifukwa chake ndalemba nkhaniyi m'malo mongoisunga m'banja.

Madzulo a tsiku lomwelo, adhana ya magharibi itangotha, mdzukulu wanga anabwera pakhonde ndi kabuku kake kong'ambika m'mbali. Anamva kuti agogo ndi aphunzitsi, ndiye amafuna ndimumvetsere ngati waloweza bwino. Ndinakatenga, n'kukatsegulira kumanzere monga tichitira ndi mabuku a kusukulu. Mwana anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Agogo, mwayambira kumapeto!" Anakatembenuza, naika chala changa pa kamzere kowongoka koyambirira kudzanja lamanja, nati ameneyo ndi alifu. Ndinabwereza. Anati ndabwereza bwino, koma yachiwiriyo ndidikire kaye mpaka ndidzabwerenso, poti iyeyo ali ndi homuweki ya masamu.